Tinkawerenga Amayi Okha

Lamulo lotumiza mayina kumudzi kuti akatsimikizidwe ndinalibweretsa ndine. Ndiyambe ndavomera zimenezo, chifukwa masiku ano amayi ena a m'gulu mwathu amalankhula ngati lamulolo linagwa ndi mvula.

Gulu lathu tinkangolitcha mbumba. Tinali amayi a ku Malawi okhala mu Dublin, ena obwera ndi sukulu monga ine, ena obwera kudzapempha pothawira, amene tsopano amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba. Tinkakumana Loweruka loyamba la mwezi, masana, m'kaholo ka tchalitchi china ku Santry, komwe ndege zimadutsa pafupi kwambiri moti wopemphera amayamba waima kaye kuti idutse. Tinkazonda odwala ku chipatala, tinkaphika pa maliro, ndipo kawiri pa chaka tinkapita ku Dún Laoghaire kukatola zinyalala m'mbali mwa nyanja titavala nsalu zofanana, kuti eni dziko aone kuti Amalawi si anthu auve. Chikondwerero cha ufulu mwezi wa Julaye tinkakonzanso ndife. Koma chomwe tinkanyadira kuposa zonsezi chinali khomo lolowera. Mayi wofuna kulowa ankaimirira pakati pa mipando n'kutchula dzina la mayi ake, la mayi wa mayi akewo, kumangobwerera m'mbuyo mpaka pomwe mutu wake ungafike, n'kumaliza ndi mudzi womwe bere lawo linachokera. Mayina asachepere anayi. Za abambo sitinkafunsa. Atcheya athu, namwino amene wakhala kuno zaka zambiri kuposa tonsefe, ankakonda kunena kuti mwamuna ndi tambala wobwereka, anapiye ndi a thadzi.

Ine ndinali mlembi. Ndinali nditangomaliza digiri yachiwiri, ndipo ndinali ndi matenda a anthu ophunzira aja, ofuna umboni ngakhale pa moni. Tsiku lina mayi wina anatchula mayina asanu ndi limodzi osapunthwa, kenaka tinadzamva kuti ndi wa ku Chipata ndipo mayina atatu anachita kupeka ali pa basi. Anzanga anaseka mpaka misozi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindinaseke. Ndinaimirira n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense wolowa tizimujambula mawu pa foni, n'kutumiza kwa munthu wamkulu wa kudera kwawo kuti avomereze. Anandiombera m'manja. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndapulumutsa dziko.

Mayi amene ndikufuna kunena za iyeyu ankakhala ku Tallaght ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu. Chaka chathunthu anagwira nafe ntchito osalowa m'gulu. Pa maliro ankafika woyamba n'kusankha ntchito ya kuseri, yotsuka mapoto. Ikafika nthawi ya zithunzi iye ndiye ankapempha kugwira foni. Tinkamunena kuti ndi mlendo wosatsanzika, iye n'kumangomwetulira atapendeketsa mutu kuti amve ndi khutu lakumanja, poti lakumanzere linali logontha. Ukamufunsa kwawo ankangoti kuchigawo chapakati, basi. Ine zimenezi zinkandinyansa. Ndinkati ndi matama, kapena ndi mnzake wa mayi wa ku Chipata uja.

Anamugonjetsa ndi mwana wake. Pa chikondwerero cha ufulu atsikana a mbumba ankavina chimtali kutsogolo atavala nsalu ya gulu, ndipo lamulo linkati wovina akhale mwana wa membala. Mtsikanayo ankabwera nthawi zonse pophunzira gule n'kumavinira pakhomo yekhayekha, ndipo kunena zoona ankaposa ana athu onse. Loweruka loyamba la Meyi mayi ake anandipeza ndikuyala mipando anthu asanafike.

"Asisi, ndikati nditchule mayina aja, amathera muno?"

"Amathera muno," ndinayankha. "Ndi za ife tokha."

Sindinaone kuti ndikunama. M'mutu mwanga kumudzi kunali muno momwemo. Zotumiza mawu iye sankazidziwa, chifukwa osalowa ankatuluka tikayamba zokambirana, ndipo ine sindinaganize n'komwe zomuuza.

Masana omwewo anaimirira pakati. Anatchula mayina asanu ndi anayi, chinthu chomwe sichinachitikepo m'gulu mwathu. Sankangotchula dzina, ankanenanso munthuyo kuti anali ndani. Wachisanu ankaumba mitsuko, wachisanu ndi chiwiri anathawa nkhondo atabereka khanda n'kukagona kuphiri mwezi wathunthu. Mawu ake, omwe masiku onse ankamveka ngati akupepesa, tsiku limenelo anadzaza holo. Atcheya analira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, tinamukulunga nsalu ya gulu, mwana wake akudumphadumpha. Pomaliza anatchula mudzi wina wa ku Dedza, ndipo mtima wanga unalumpha, chifukwa mudziwo uli pafupi ndi msika womwe amayi anga aang'ono ali ndi golosale. Amayi aang'onowo munthu aliyense wa kumeneko amamudziwa, ndi za m'nyumba mwake zomwe. Ndinawatumizira mawuwo ndili pa basi, ndisanafike n'kunyumba komwe.

Yankho linabwera Lachiwiri m'mawa ndikumwa tiyi.

"Mwana wanga, wandipatsa ntchito yokoma!" anatero amayi aang'ono, mawu awo ali myaa. "Mayina onse ndi oona. Ndinanyamula foni mpaka kwa malume ake enieni, ndawamvetsera okha, agwetsa misozi. Uyutu ndi mkazi wa bambo wa malole uja, anasowa zaka zisanu zapitazo ndi mwana kumsana. Anamufuna ku Joni, anamufuna ku Tete, osamupeza. Bamboyo nayenso wamva mawuwo kawiri. Akuti zikomo kwambiri, wandisiyira ndi thumba la feteleza."

Ndikanakonda kunena kuti pamenepo ndinazindikira. Ayi, ndinakondwa. Ndinaona ngati ndalumikiza banja lomwe linabalalika, ndipo ndinasunga nkhaniyo mlungu wonse ngati mphatso. Loweruka pophunzira gule ndinaomba m'manja kuti onse akhale chete, n'kulengeza kuti mayina asanu ndi anayi aja avomerezedwa ndi malume ake, ndiponso kuti abale kumudzi asangalala kumva kuti iye ndi mwana ali moyo kuno ku Dublin.

Iye anali atagwada, akumanga nsalu m'chiuno mwa mwana wake. Manja ake anaima. Anatembenuzira kwa ine khutu lakumanja ngati sanamve bwino.

"Mwatumiza kwa ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za lamulo lathu. Sanandidikire. Anandigwira dzanja, n'kundikokera kukhitchini, n'kutseka chitseko. Kenaka anatenga zala zanga n'kuziika kuseri kwa khutu lake lakumanzere. Fupa la pamenepo linali lolowa m'kati, ngati poto wogwa pa simenti.

"Ichi ndi chitsulo chomasulira matayala," anatero. "Kwa malume ndinathawirako katatu. Katatu konse anandibweza, chifukwa malata a nyumba yawo anagula ndi mwamuna wangayo. Ulendo womaliza iyeyo anandiuza kuti ine ndikhoza kupita komwe ndikufuna, koma mwana adzamutenga ngakhale ndikabisale kumanda. Ali ndi mng'ono wake ku Belfast. Two hours pa basi, asisi. Palibe ndi border yomwe."

Ndinanena pepani, koma mawuwo anatuluka aang'ono ngati ndamuponda chala. Ndiye poti ndine ine, ndinayamba kumuphunzitsa malamulo a dziko lino, kuti kuno mwana satengedwa chisawawa, kuti kuli makhoti. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Inu munaphunzira," anatero, "koma munthuyo simukumudziwa."

Anatuluka, anamasula nsalu m'chiuno mwa mwana, n'kumapita gule asanathe.

Lachitatu lotsatira, nthawi ya nkhomaliro ndili kuntchito, foni yanga inalira. Nambala inali ya kumpoto, ku Belfast kuja. Mawu anali a bambo, ofatsa, aulemu, onga a mkulu wampingo.

"Ndi amayi alembi? Pepanitu kukusokonezani pa lunch. Number yanu andipatsa amayi anu aang'ono. Ine ndine mlamu wawo wa mayi amene walowa m'gulu lanu posachedwapa. Ife tikungofuna tidziwe kuti mwana ali bwino. Chibale ndi fupa, mayi, sichiola."

Mwambi umenewo ndi womwe unalembedwa pa nsalu yathu. Ndinamuuza kuti komwe amakhala sindikudziwa.

"Musavutike," anaseka pang'ono. "Tidzaonana pa six July. Ndamva kuti mumakonza bwino kwambiri."

Chakudya changa ndinachitaya. Madzulo ake ndinapita kwa atcheya, ndipo iwo anaitanitsa msonkhano wapadera. Ndinkayembekeza kuti mbumba idzuka ngati njuchi. Inagawikana. Ena anati tipite tonse ku polisi, ena anati za m'banja sitilowerera, wina n'kunena kuti palibe mkazi wa kwathu amene sanalandirepo khofi. Atcheya anagamula kuti tipemphere ndipo tikhale tcheru. Mwini nkhani sanabwere. Ku polisi anapita yekha, anamumvetsera bwino, anamulumikiza ndi amayi ena othandiza anthu othawa nkhanza, n'kumuuza kuti aimbe foni munthuyo akangoyandikira. Koma munthuyo anali asanachite kanthu, anali atangopereka moni.

Kuyambira pamenepo mayiyo anasiya kubwera ku Santry. Anasinthitsa nthawi zake za ntchito kuti azikatenga yekha mwana kusukulu. Ndinapitako kamodzi kunyumba kwake nditanyamula mandasi, ngati mandasi angakonze kanthu. Munali mu Juni, dzuwa likuwala bwino, ana a anthu akusewera pabwalo, koma makatani ake anali otseka ndipo mwana ankaonera zidole za pa kanema mawu atatsitsa. Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira. Galimoto iliyonse ikaima panja ankasiya kulankhula mpaka itachoka.

Pakati pa mwezi womwewo, mzungu wosamalira holo anandipatsa bokosi, akuti lasiyidwa ndi bambo wina waulemu kwambiri. Pamwamba panalembedwa dzina la mtsikana uja, lotsatana ndi dzina la bambo ake, lomwe ine ndinali ndisanalimvepo kuno. M'kati munali nsapato zoyera zansalu. Zoyera zansaluzo ndi zomwe tinagwirizana titatseka chitseko kuti atsikana adzavale povina. Ndinayang'ana nambala yake, n'kuimbira mayi ake kuwafunsa kuti mwana amavala nambala yanji, osanena chifukwa. Anatchula yomweyo. Bambo amene anamuona mwanayo komaliza ali wa zaka zitatu sakanadziwa phazi lake la lero. Wina mwa ife ankamuuza.

"Bwanji mukufunsa?" anatero pa foni.

Ndinamuuza zoona. Anati zikomo, n'kudula.

Lamulungu masana ndinayala patebulo buku la mbumba, momwe ndinkalembamo mayina a mamembala onse ndi a amayi awo. Ndinali nditafunsa kale amayi aang'ono dzina la mayi wa bambo wa malole uja ndi mudzi wawo, ndipo ndinawerenga tsamba ndi tsamba, mayi ndi mayi, kufuna pomwe bere lina likukumana ndi lake. Ndinajambula mizere ndi pensulo ngati ndili pa kafukufuku wa kusukulu. Sindinapeze kanthu. Panalibe mmodzi yemwe wa ife amene amayi ake anakhudzana ndi banja limenelo. Ndinatseka buku mtima uli m'malo pang'ono, n'kudziuza kuti kazitape si wa m'gulu mwathu, buku lanena. Komabe Loweruka lotsatira ndinkayang'ana nkhope za anzanga imodziimodzi, anthu omwe ndinadya nawo ndi kulira nawo, ndipo aliyense amene anandimwetulira ndinkamuopa.

Tsiku la chikondwerero holo inadzaza. Tinapachika mbendera, abambo oitanidwa anabwera ndi masuti awo, ana akuthamangathamanga m'mipando. Mayi uja ndi mwana wake kunalibe, ndipo ndinathokoza Mulungu. Titaimirira kuimba nyimbo ya fuko ndinamva besi yokoma kuchokera kumbuyo. Ndinacheuka. Anali bambo wamfupi, wa suti yotuwa, dzanja lili pamtima, ndipo ankadziwa ndime zonse zitatu, pomwe ambiri a ife yachiwiri timangong'ung'udza. Mawuwo ndinawazindikira. Pakamwa pake pankaimba, koma maso ake ankayenda pamzere wa atsikana ovala nsapato zoyera, mmodzimmodzi, kuchokera kumanzere mpaka kumanja, n'kuyambiranso.

M'gulu mwathu munali mayi wina wosoka, yemwe ankayang'anira zovala za ana. Ndi amene ankajambula mapazi awo pa pepala kuti tigule nsapato zokwana. Anali munthu wabwino, ndinene mosabisa. Amayi anga atamwalira ine ndikulephera kupita ku maliro, iyeyu ndi amene anakhala nane masiku atatu akundiphikira phala. Nthawi ya chakudya ndinamuona akutenga mbale, akupita kumbuyo, n'kugwada pamaso pa bambo wa suti yotuwa.

"Achimwene, idyani."

Ndinamutsatira kukhitchini.

"Ndi achimwene anu bwanji? M'buku mulibe."

"M'buku mungakhale bwanji?" anayankha akupakula mpunga, osandiyang'ana. "Bambo athu ndi amodzi, amayi ndi osiyana. Inu munafunsapo za bambo?"

Buku lomwe ndinkalidalira lija linali ndi theka lokha la munthu aliyense.

"Mwana ujatu ndi magazi athunso," anapitiriza. "Ali ndi bambo ake. Ine poyamba sindinkamudziwa mlamu wangayo, ukwati wawo unachitika ndili kale kuno. Ndadziwira kwa inu, tsiku lomwe munalengeza. Cholakwa changa sindikuchiona."

"Mwawauza chiyani?"

"Zomwe anafunsa. School, ndi pomwe amatsikira sitima ya Luas. Flat yeniyeniyo sindikuidziwa."

Nditatuluka, mpando wa bamboyo unali wopanda munthu, mbale ili pansi nyama yosatha. Inali folo koloko. Ndinathamangira panja ndi nsalu yanga ya gulu, duku lili pambali, n'kuimitsa takisi. Kuchokera ku Santry kufika ku Tallaght ndi kudula mzinda wonse, ndipo njira yonse ndinkaimba foni yake, yosapezeka. Woyendetsa anandifunsa ngati kuli ukwati. Ndinamuyankha mwachipongwe, mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Pakhomo pa nyumba yake panaima galimoto yaing'ono, ndipo mayi wina wachizungu, mmodzi wa othandiza aja, ankalongedza masutikesi awiri ndi matumba akuda. Mwana anali kale kumpando wakumbuyo atakumbatira chikwama cha kusukulu. Mayi ake anatuluka atanyamula ketulo ndi bulangeti.

"Akudziwa school," ndinatero ndikupuma movutika. "Akudziwa ndi station. Wachoka ku holo, akubwera kuno."

"Ndikudziwa kuti abwera. N'chifukwa chake ndasankha lero, nonse muli ku nyimbo."

"Nanga ntchito? Nanga mwanayu, sukulu yake?"

"Tikayambanso. Si koyamba."

"Mukupita kuti?"

Anandiyang'ana, ndipo funso langalo ndinalimva ndekha kuipa kwake.

"Kuti mukalembe?"

Mwana anatsitsa galasi la galimoto. "Auntie, did they dance my part?"

"Tseka windo," anatero mayi ake. Anaika ketulo m'galimoto, n'kutembenukira kwa ine komaliza. "Mayina aja anandiphunzitsa amayi anga tikupeta mphale. Uyu ndinali nditamufikitsa pa lachisanu. Ndamuuza kuti aiwale. Akadzamufunsa kwawo azidzati ndi konkuno, ndipo mayi ake alibe mayi."

Sanandipatse mkono. Analowa, galimoto inakhota pa ngodya ya masitolo, n'kupita. Ndinalira nditaima pomwepo, misozi ya manyazi, chifukwa ndinadziwa kuti chingwe chomwe chinapirira nkhondo ndi njala kwa amayi asanu ndi anayi chadukira m'manja mwanga, ine wochisamala.

Ndinayenda pang'onopang'ono kupita kokwerera Luas. Sitima inafika, anthu anatsika ndi matumba a zogula, ndipo womaliza kutsika anali bambo wa suti yotuwa. Anandiona msanga, poti nsalu yathu imaonekera patali. Anavula chipewa.

"Amayi alembi! Mwafikanso kuno? Ndiye kuti ndi pafupi."

"Ndinabwera kudzaona wodwala ku chipatala," ndinanama.

Anayang'ana maso anga otupa, anayang'ana njira yomwe ndinachokera, n'kugwedeza mutu ngati munthu womvetsa.

"Asamuka eti? Musadandaule, mayi. Dziko lino ndi laling'ono, Amalawi tili m'tauni iliyonse, ndipo amayi akakumana amakonda kufunsana kwawo."

Anandidinira batani la chitseko kuti ndikwere, iye n'kutsala pansi akuyang'ana foni yake.